Chala cha Amayi pa Wilo ya Abwana

Ndinabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Santhe, koma munthu akandifunsa kwathu ndinkati ku Phalombe, ngakhale ndinali ndisanapondeko. Ana a matenanti tonse tinkayankha choncho. Makolo anga anabwera pa lole ali achinyamata, ati adzalima chaka chimodzi n'kubwerera ndi malata. Chakacho chinatalika mpaka abambo anaikidwa komweko, kuseri kwa zigafa. Kumudzi minda inali itagawidwa kale. Eni esiteti akanati tichoke, ine ndi amayi tinalibe kolowera.

Abwana athu anali ovuta pa fodya. Akapeza tsamba limodzi loola m'chigafa, ankakukalipira mpaka agalu kuthawa. Koma mtima anali nawo. Atayamba kudwaladwala anaitana amayi pakhonde, pomwe panalinso mkulu wa mpingo atagwira pepala.

"Mayi, ndalembetsa wilo yogawa chuma changa," anatero abwana. "Munda wa kumunsi kwa dambo ndi malo a nyumba yanu ndakusiyirani. Dindani apa, mukhale mboni, pasadzapezeke wokana."

Kwathu kuno wopatsidwa ndiye mboni yoyamba. Ukapatsidwa mbuzi umagwira chingwe anthu akuona. Amayi anagwada n'kudinda chala, ndipo tsiku limenelo mbale ndinatsuka ndine chifukwa ankaopa kuti inki ichoka.

Kenako kunabwera mwana wamkulu wa abwana, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe. Ine sindinkamukonda. Anali wosayankhulayankhula, wa nsapato zowala, ndipo moni wake unali ngati akuchita kugula. Ndikusesa pabwalo ndinamuona akuwerenga pepala lija, nkhope itachita tsinya.

"Abambo, pepalali silili bwino," anawauza abwana. "Tipite kwa loya."

Ndinati basi zayambika. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndani angalole munda wa bambo ake kupita kwa anthu obwera pa lole?

Mwanayo anafunsafunsa kwa anzake mpaka anapeza loya wina wamkazi ku boma, amene ofesi yake inali kuseri kwa sitolo ya nsalu. Anatitenga tonse pa galimoto. Loyayo anawerenga pepala lija mosathamanga, kenako anakweza maso.

"Chala ichi n'cha ndani?"

Amayi anakweza dzanja, akumwetulira.

"Amayi, mutidikireko panja pang'ono. Inunso achemwali."

Tinakhala pa benchi. Posakhalitsa tinaona akuitana telala wa pakhonde la sitolo ndi mayi wina wogulitsa nthochi, anthu oti abwana sankawadziwa n'komwe. Analowa, chitseko chinatsekedwa, ndipo anatuluka akupukuta zala. Magazi anga anawira. Amayi anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Mlendo ndi mame, mwananga."

Loya uja atatuluka anafuna kutiuza kanthu, koma galimoto inali italira kale, abwana atatopa, ndipo anagona njira yonse. Kuwafunsa pambuyo pake sikunali kotheka. Kufunsa wodwala za chuma chake n'kumukankhira kumanda. Choncho tinalima fodya wa chaka chimenecho mitima ili m'mwamba, ndipo mwana wa abwana akabwera ndinkamupatsa madzi osamuyang'ana kumaso.

Abwana anamwalira fodya ali m'zigafa. Maliro atatha amayi anayamba kugulitsa nkhuku, n'kumanga ziwiya m'zitenje. Ankapita kumanda a abambo kukalambula, ngakhale panalibe udzu woti n'kuzula. Ankatsanzika, ndipo zinkandipweteka kwambiri.

Tsiku lowerenga wilo anatiitana nafenso. Tinakhala kumapeto kwa mphasa, kumbuyo kwa abale. Loya uja anawerenga za nyumba, za ng'ombe, za ngolo, kenako anatchula dzina la amayi, munda wa kumunsi kwa dambo ndi malo a nyumba. Wiloyo inanenanso kuti manda a amuna awo asadzalimidwe. Amayi anandigwira mkono.

"Akuti chiyani?"

Loyayo anatsika pampando n'kukhala pamphasa pafupi nawo. "Amayi, ndikudziwa kuti tsiku lija ndinakukhumudwitsani. Lamulo limati mboni ya wilo siilandira kanthu m'wiloyo. Pepala loyamba lija likanakhala momwemo, chala chanu chikanakulandani munda. N'chifukwa chake ndinakutulutsani n'kuitana anthu opanda gawo. Koma amene anayamba kuona vutoli si ine. Ndi achimwene awa."

Analoza mwana wa abwana uja, amene anali akuyang'ana ng'ombe kukhola. Ndinaganiza mwachangu. Akanangopinda pepala lija n'kulibweza m'sutikesi, palibe akanamunena. Mundawo ukanagwera m'manja mwake ndi mwa abale ake, ife n'kukwera lole mwaulemu. Munthu amene ndinkamuona ngati wotilanda ndiye anawononga mafuta a galimoto yake kuti tikhale.

Amayi anayenda chogwada kupita kwa iye, koma iye anawagwira m'mapewa.

"Ayi mayi, dzukani. Fodya amene anandilipirira sukulu munkasoka ndinu."

Anawadzutsa n'kubwerera pamalo pake. Mpaka lero moni wake ndi uja wogula, koma ndimamulandira ndi manja awiri, ndipo pa anthu amene ndimawathokoza m'pemphero iye ndi loya uja sasowa.

Madzulo ake amayi anamasula zitenje zija n'kubwezera ziwiya m'malo mwake. M'mawa anandidzutsa kuti ndipite kwa anansi a m'mudzi woyandikana nafe. Ndinafunsa kuti kukatani.

"Kabwereke chikombole," anatero. "Ndakalamba ndikugona m'nyumba ya mitengo ndi matope poopa kuti mawa tichoka. Chilimwe chino tiumba njerwa."