Maliro a wonyamula wailesi

Achimwene, lero ku City Centre kwadutsa galimoto ya asilikali yokhala ndi mlongoti wautali wa wailesi, ndipo ndakumbukira tsiku lija ndinakuperekezani kudepoti ku Old Town, ulendo wa ku Congo utayandikira. Ndinakusekani kuti anzanu amanyamula mfuti, inu mumabereka wailesi ngati mwana. Munayankha uku mukukukuta chimanga chootcha: "Mlongo wanga, adani amayamba kuwombera wa mlongoti. Akagwa iyeyo, gulu lonse lagontha."

Mauthenga a maliro a anzanu ankadutsa pakamwa panu, ndipo ankafika msanga. Uthenga wa maliro anu unachedwa sabata yathunthu, poti woutumiza munali inu nomwe. Sabata yonseyo amayi ankangodandaula kuti mwana wawo wayamba kunyada, sakuimbanso foni.