Jekete la a Mawotchi Linang'ambikira ku Limbe

Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mukapeza cholakwika m'nkhaniyi kadandauleni kwa aphunzitsi anga. Ali kumanda.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinanyamuka kwathu ku Manja kukucha, singano ili pachipewa monga mwa masiku onse, pakuti ndinali telala pakhonde la sitolo ya mzungu wokonza mawotchi. Tinkangowatchula kuti a Mawotchi. Anali Myuda wa ku Romaniya, dziko la Chikomyunizimu, ndipo boma lakwawo linawalola kutuluka ndi sutikesi imodzi basi. Tsikulo ankakachingamira mng'ono wawo ndi mkazi wake pa sitima yochokera ku Beira. Ine ndinali wokasenza katundu.

Ndinawapeza pa siteji ya ku Mandala atavala jekete limene ndinawasokera ndekha. Basi ya ku Limbe inali sikisipensi. Anakana mpando wa azungu kutsogolo, n'kudzakhala nane kumbuyo, pakati pa nkhuku ndi mtolo wa nzimbe.

"Mzunguyu ndalama zamuthera?" anandifunsa mayi wa nkhukuzo.

"Ayi mayi, wakukondani," ndinatero. Anandigenda ndi khoko la nzimbe.

Tikudutsa pa Chichiri, a Mawotchi anandiuza m'Chinyanja chawo chotsimphina kuti iwo atangochoka kwawo, mng'ono wawoyo anamuchotsa uphunzitsi, kumutcha m'bale wa wogulitsa dziko, kenako kumutsekera. "Wothawa ndine, a Telala, chilango n'kugwera iye. Koma kalata inati akubwera, lero ndimuona."

Ku Limbe tinafika dzuwa litakwera. Ndinagula zitumbuwa, iwo osalawako. Sitima inalowa masana. Anatsika amwenye, asilikali, ansembe, kenako mayi woonda wa mpango wakuda, yekhayekha. A Mawotchi anasuzumira kumbuyo kwake, kulibe munthu. Mayiyo analankhula mawu ochepa m'chinenero chawo.

A Mawotchi sanalire mokuwa ngati ife. Anangogwira kolala ya jekete lija ndi manja awiri, kweee, mpaka pachifuwa.

Pobwerera tinakweranso basi, tonse atatu. Ine poona ntchito yanga ikulendewera chonchi, ndinasolola singano. "Bwana, vulani. Tisanafike m'tauni ndikhala nditamaliza."

Anandigwira dzanja. "Musasoke, a Telala. Kwathu m'bale akamwalira timang'amba chovala. Mng'ono wanga anafera m'ndende. Mlamu wangayu anaopa kundiuza ali komweko, boma likanamuletsa ulendo."

Ndinabweza singano pachipewa. Ndinakumbuka bambo anga, amene anathawa chibalo cha Apwitikizi n'kusiya achimwene awo akumenyedwa m'manja ndi thabwa la mbalamatodya m'malo mwawo. Mpaka tsiku la imfa yawo, bambo akamva dzina la achimwene awowo ankangodzuka n'kutuluka panja.

Tinatsikira ku Mandala dzuwa litapendeka, ine sutikesi imodzi ya mayiyo ili pamutu, yopepuka ngati mulibe kanthu. Ndasoka zong'ambika zambiri m'Blantyre muno, ngakhale mathalauza a agogo anu. Koma kuyambira tsiku limenelo, munthu akandibweretsera chovala chong'ambika, ndimayamba ndamufunsa kuti chinang'ambika bwanji.