Mabokosi Awiri Opanda Mfundo

Njinga ija inafika kwathu ili pa lole, itafunditsidwa bulangete ngati mkwatibwi woopa fumbi. Anabwera nayo ndi mwana wanga wamwamuna kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito m'magalaja a eni ake. Anzake amabwera ndi malata, anzake amabwera ndi mafiriji, wanga anabwera ndi njinga yamoto. Koma njinga yake, njinga. Osati timithuthuthu ta kabaza timene timadzaza pa Muloza ngati ziwala, ayi. Iyi inali yofiira psuu, yonenepa pachifuwa, mphuno yosongoka, woyendetsa amachita kuigonera ngati akuinong'oneza nkhani. Ikalira, agalu a mudzi wonse pansi pa nkhokwe.

Nyumba yake inali isanathe, ndiye njinga imagona kwa ine, pabalaza. "Ndi yanu imeneyi amayi," amatero, "ine ndine dalaivala chabe." Ndinaitengadi ngati yanga. M'mawa ndimaipukuta ndi chitenje chakutha, ndikuiimbira, iyo ili phee kumvetsera.

Inabwera ndi mabokosi awiri akuda, olimba gwa, okhala ndi kiyi, oti azikhala m'mbali mwa tayala lakumbuyo, lina uku lina uku. Mwana wanga sanawaike. Amati amaipitsa njinga, imaoneka ngati bulu wa katundu. Ine chinthu chotseka bwino chotero sindingachione chikungokhala. M'bokosi limodzi ndinathiramo ufa, makoswe analira chaka chimenecho. M'bokosi linalo ndinasungamo mbewu ya nandolo. Mabawuti ake omangira anali m'kapepala. Chitseko cha khola la mbuzi chitaguluka ndinawapereka kwa mmisiri, chitseko chinalimba, ndinakondwa, sindinauze munthu.

Tsono mdzukulu wanga. Ndi mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, ndinamulera ndekha kuyambira akukwawa. Mimba yake yoyamba inatha moipa. Mwana anatuluka ali chete, tinakamuika kudambo ife amayi okhaokha, osalira, monga uliri mwambo, ndipo mtsikanayo anataya magazi mpaka m'zikhatho munayera mbee. Atakhalanso ndi pakati, anamwino a kusikelo ananena ine ndili pomwepo: uyu asadzayerekeze kuchirira pakhomo, magazi ali nawo ochepa, mwezi wake ukayandikira apite akadikirire ku Boma. Tinavomera. Tinasonkhanitsa zonse zimene amafuna kuchipatala, pepala lakuda loyala, ulusi, zitenje, beseni, lezala latsopano limodzi m'kapepala kake. Ife tinawerenga kuti kwatsala masabata atatu. Mwanayo sanawerenge nafe.

Kunacha ndi chiperoni, phiri lonse litabisala, mvula yosamveka koma yonyowetsa mpaka m'mafupa. Ndikusesa, ndinamuona mdzukulu atakumbatira mtengo wa mapeyala, akupumira pakamwa. Sindinafunse. Kwathu matenda akayamba sitilengeza, sudziwa amene ali ndi mtima wotani. Mwamuna wake anali tsidya lija ku Mozambiki kokafuna chimanga. Ndinathamangira kwa mwana wanga, ndinamupeza akusenda mitengo ya denga.

"Siya zimenezo. Mwana wa mlongo wako akufuna Boma."

"Lero?"

"Ayi, chaka chamawa. Tiye."

Mudzi wathu uli kuseri kwa Milonde, minibasi sifikako, ndipo kuti ufike pa tala uyenera kudutsa m'minda ya tiyi, msewu wa dothi lofiira loterera ngati therere. Njinga inalipo, mafuta analimo. Vuto linali mpando. Iye kutsogolo, wodwala pakati, ine kumbuyo kumugwira, pa kampando kokwera m'mwamba ngati chisa cha mbalame. Katundu akhala pati? Ndipo wodikirira wodwala sapita chimanjamanja, kumafunika poto, ufa, mbale, zofunda. Ndinakhuthulira ufa m'lichero, nandolo pamkeka, ndinalonga zonse m'mabokosi muja. Beseni linakana kulowa, tinalisiya.

Mwana wanga anatulutsa masipanala, anawayala pakhonde.

"Mabawuti ali kuti amayi?"

"Ali ku khola la mbuzi."

Anandiyang'ana, ndinayang'ana phiri, phiri kulibe. Nthawi yogulula chitseko panalibe. Anatenga mphira za chubu zimene amamangira katundu pa njinga yakapalasa, anatsamiritsa bokosi pa chitsulo cha m'mbali, anazunguliza, anazunguliza, n'kupinda nsonga kuti amange. Ndinamugwira dzanja.

"Usamange mfundo."

"Amayi."

"Munthu ali pa matenda, iwe ukumanga mfundo pa chinthu choti akwerepo? Ukufuna ummangire mwana m'mimba?"

"Izi ndi mphira amayi, si mimba."

"Ulendo woyamba uja ndinapeza chingwe cha mbuzi chili ndi mfundo zitatu pakhomo penipeni. Iwe unali ku Joni, kudambo sunapite nawo."

Ndi mmene anandiphunzitsira amayi anga. Matenda akayamba, masula duku, masula chingwe cha m'chiuno, masula chilichonse chomangika, njira itseguke. Ine ndinabereka asanu ndi awiri m'nyumba yopanda mfundo, onse anatuluka akulira.

"Ndiye mabokosiwa ndiwagwire ndi mano?"

"Zunguliza, upisire nsonga pansi, monga timavalira chitenje. Unamvapo kuti chitenje changa chagwa pamsika?"

Mdzukulu anabuula ali pa mtengo paja. "Atsibweni, chitani zimene akunena agogo, tizipita."

Anachita. Anazunguliza, anapisira, anagwedeza bokosi, bokosi linali nji. Chipewa chake cholimba anamuveka wodwala. Masipanala anatsala pakhonde.

Tinanyamuka pang'onopang'ono, njinga ikung'ung'udza chifukwa sinazolowere kuyenda ngati nkhalamba. Ine manja pamimba pa mwana, pakamwa pa khutu lake, ndikuimba chapansipansi, tafika tafika mwana wanga tafika, pamene sitinafike n'komwe. Mimba imalimba ngati dzungu, imafewa, imalimbanso. Tinadutsa mlatho wa matabwa, tinalowa m'tiyi. Mabampu, mabampu, mabampu. Chitenje chimakhala pa thupi lofewa, mphira inali pa chitsulo chonyowa, zimenezo ndinazidziwa mochedwa. Nsonga ya kumanzere inasololoka, inalendewera, tcheni inainyambita n'kuimeza.

Ndinangomva kwee, tayala lakumbuyo gwa. Njinga inatsetsereka cham'mbali, inatigoneka tonse atatu pa mitengo ya tiyi. Tiyi amadulidwa mofanana pamwamba ngati tebulo, ndiye anatilandira, palibe anathyoka. Koma bokosi lakumanzere linali m'matope, mphira yonse itakulungika pa tcheni ndi pa mano a tayala, yothinana ngati munthu wachita dala. Ndipo pamene ndimamudzutsa mdzukulu, nsupa inasweka.

Mwana wanga anakoka ndi manja, mphira imangotamuka n'kubwerera. Anatola mwala, anamenya, mphira imaseka mwala. Analuma ndi mano. Foni anaikweza m'mwamba, anakwera nayo pa chulu, m'chigwa chimenecho mulibe netiweki. Msewu mbali iyi zii, mbali iyo zii. Boma lili kutali, kwathu kuli kutali, ife tili pakati ndi mwana wa magazi ochepa. Ndinayala pepala lakuda m'kanjira ka pakati pa mizere, ndinamugoneka, mvula ikumugwa kumaso. Mumtima ndinayamba kuliona dambo lija.

"Amayi, lezala lija."

"Ndi la mchombo."

"Ndidule mphirayi tizipita. Kuchipatala ali nawo ena."

"Ukalipaka girizi, mwana n'kutulukira pompano, ndidula ndi chiyani?"

"Nanga akapanda kutuluka? Nanga magazi akayamba tili pano?"

Ndinaima ndi kalezala m'manja, kopepuka ngati tsamba, kolemera ngati mphero. Kupereka, mwana ndamutaya. Kukaniza, mayi ndamutaya. Ndine ndinadyetsa mabawuti ku khola, ndine ndinakaniza mfundo, ndipo tsopano ndine ndisankhe. Ndinatambasula dzanja kuti ndimupatse. Pansi paja mawu anati, "Agogo, akubwera." Ndinafumbatanso.

Ndinakuwa. Mwambo wosalengeza ndinausiya m'matope momwemo, ndinakuwa mpaka mawu anathetheka. Kumtunda, m'nkhungu, munatuluka amayi atatu othyola tiyi, madengu kumsana, mapepala apulasitiki atavala ngati malaya. Kapitawo wawo amawaitana chakumbuyo. Wamkulu mwa iwo, mayi wamfupi wa mano otalikirana, sanacheuke n'komwe. "Abwere adzathyole yekha," anatero. Anaona pansi, anaona ine, anandilankhula m'Chilomwe cha amayi anga kuti ndisaope. Kenako anatembenukira mwana wanga. "Bambo, inu yang'anani njinga yanu. Kuno kulibe zanu."

Awiri anatambasula zitenje, anaima ngati mpanda. Wamfupi uja anagwada kumutu, ine kumiyendo. Limba mwana wanga, limba. Limba mayi, limba. Mdzukulu analuma chitenje, anagwira tsinde la tiyi mpaka linagwedezeka lonse. Sizinatenge nthawi, koma ine ndinakalamba kawiri pamenepo. Anatuluka mwana wamkazi, wochepa ngati chinangwa, wotuwa, ali chete.

Chete yemwe uja. Ndinamudziwa.

Ndinamupukuta ndi chitenje chouma, ndinamutikita kumsana, ndinamuchotsa zam'kamwa ndi chala. Chete. Ndinamutembenuza, ndinatikitanso, ndikumuuza kuti iwe mlendo, kudambo kwadzaza, kulibe malo ako, bwerera kuno. Mayi wake anadzutsa mutu, "Agogo, bwanji sakulira?" Wamfupi uja anamukanda kuphazi ndi chikhadabo chake chakuda ndi tiyi. Kamwendo kanakoka. Kenako kamawu, ngati kamwana ka mphaka kuseri kwa nkhokwe. Kenako kulira kwenikweni, kwaukali, kwa munthu amene wanyowetsedwa popanda chifukwa.

Ndinatenga ulusi. Ndinamanga mchombo pawiri, mfundo pano mfundo apo, ndinakoka ndi mano kuti zilimbe. Ndinadula pakati. Lezala ndinalikweza pamwamba pa mpanda wa zitenje, dzanja la mwana wanga linalandira.

Nsengwa inatuluka, ndipo pambuyo pake magazi. Anamwino aja sananame. Amayenda pa pepala lakuda, amasakanikirana ndi mvula, amatsikira mu mzere wa tiyi. Wamfupi anakanikiza mimba ndi manja onse awiri, akutikita mwamphamvu, wina anamuika mwana kubere. Anachepa pang'ono, sanaleke. Milomo ya mdzukulu inayamba kuyera.

"Agogo, kukuda."

"Sikukuda, ndi chiperoni. Ndiyang'ane ine."

Kuseri kwa zitenje ndimamva mwana wanga akucheka, akupuma, akutukwana m'chilankhulo cha ku Joni. Lezala linathyoka pakati, anapitiriza ndi kachidutswa, zala zikuchucha magazi. Ndimapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, a tchalitchi chathu ndi a anansi athu Achisilamu amene ndimangowamvera pampanda. Kenako ndinamva tcheni ikuyenda, kete kete kete.

Njinga yokhala ndi bokosi mbali imodzi imapendekeka, ndiye lakumanzere limayenera kubwerera. Mayi wina anamasula chingwe cha dengu lake. Mwana wanga anachigwira, anandiyang'ana.

"Manga," ndinatero. "Manga mpaka bokosi lilire. Linalonso manga."

Mdzukulu analibe mphamvu yodzigwira. Tinamukweza, tinamubereketsa kwa atsibweni ake ngati khanda, chitenje chinazungulira onse awiri, mfundo pachifuwa pa mwana wanga. Kakhanda anandilowetsera m'malaya, khungu pa khungu, wamfupi uja anandimanga nako mfundo ina kumsana. Sindinawafunse maina amayi aja. Pamene tinkanyamuka anali akutola madengu awo.

Titafika pa tala ndi pamene ndinadziwa chimene mwana wanga anaikondera njinga ija. Anaigonera, inatambasuka. Mitengo inasanduka mpanda umodzi, minibasi timazipitirira ngati zaima, mphepo inandilanda duku sindinalilire. Dzanja limodzi pa kakhanda, lina pa khosi la mayi wake kumvera ngati mtsempha ukugunda. Ukugunda, ukugunda, ukuchepa, ukugunda. Ndimamuimbira m'khutu kuti asagone, ndimamutsina, ndimamutchula maina onse a paubwana.

Pachipatala cha Boma anamunyamula asakuyankha. Anatseka chitseko. Ndinakhala pansi pakhonde ndi bokosi langa la poto ndi ufa, sindinaphike. Namwino wina anatuluka ndi kakhanda, anafunsa kuti ndani wamanga mchombo ngati akumanga mbuzi. Ndinati ndine. Anati palibe kanthu, wagwira. Za mayi wake anati tidikire. Anamuika magazi, tinadikira. Tsiku loyamba, tsiku lachiwiri. Lachitatu m'mawa anatsegula maso, anati, "Agogo, phala lilipo?" Ndinavina pakati pa mabedi, ndinaluluta, anamwino anandithamangitsira panja, ndinakapitiriza pa kapinga.

Mabawuti tinakawagulula ku khola, mabokosi anakhala m'malo mwake, kiyi kete, sagwedezeka. Chitseko cha mbuzi ndi chimene chimamangidwa ndi chingwe tsopano. Mlandu wa ine ndi mwana wanga sunathe mpaka lero. Iye amati ndinatsala pang'ono kupha anthu awiri ndi mwambo wanga. Ine ndimati mwana anatuluka msanga chifukwa panalibe mfundo. Iye amati eya, msanga kwambiri, m'tiyi wa eni. Timaseka, koma zipsera za lezala zili m'zala zake, ndimaziona akamasamba m'manja.

Kamtsikana kaja kakuyenda, kakutukwana nkhuku, kamabisa nsapato zake m'bokosi lakumanzere. Ine ndikakhala pa msika wa Milonde, n'kuona wa kabaza akudutsa mphira ikulendewera pafupi ndi tayala, ndimasiya tomato wanga, ndimamuimitsa pakati pa msewu. Ena amaseka, ena amakwiya. Ndimamanga ndekha, kawiri, ndi kukoka ndi mano.