Mtengo wa mapichesi wa ku Chikangawa

Pepani zilembo zanga, sukulu ndinalekeza Sitandade 4.

Amayi, dzulo ndinatsika minibasi pa Chikangawa kuti ndione nyumba ija tinkakhala abambo akugwira ntchito m'nkhalango ya paini. Pano ndi nyumba yogona alendo. Mtengo wanu wa mapichesi ulipo, koma pansi pake aikapo mipando, anthu akuwotcherapo nyama. Paja ndi pomwe munaika mng'ono wanga wa masiku atatu, nthawi ija ya makadi a chipani, poti kwathu ku Ntcheu kunali kutali ndipo abambo anaopa kupempha lole kwa abwana. Munandigwiritsa mtengowo uli waung'ono uku mukukwirira dothi, n'kunena kuti, "Esinati, uziuthirira, koma usauze munthu."

Mayi wolandira alendo anandimwetulira, n'kundilonjera m'Chitumbuka. "Yewo mama, khalani pamthunzi apo, mpabwino chomene." Sindinakhale. Akuti mvula ikatha adula mtengowo, akumbe maziko a zipinda zina. Zaka zonsezi ndinasunga mawu anu, Amayi, lero ndawaphwanya polemba pano poti ena awerenga, mundikhululukire. Koma mwini nyumbayo sindinamuuze, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati.