Chitsime Chimene Eliécer Anakana Kukwirira

Inu amene mwatopa ndi kudikira, imvani za Eliécer Tunjano wa ku Casanare, dera la zitsime za mafuta.

Mafuta atachepa, kampani yokumba mafuta imene ankagwirako inamusiyira ntchito imodzi yokha, yothira simenti m'zitsime zakufa. Anzake ankamunena kuti ndi mdzukulu wa kumanda. Akatseka chitsime, ntchito zinkatha, mabanja ankapakira katundu n'kusamuka. Mwana wake mmodzi yekhayo, Yurani, amene anaphunzira zamagetsi, anapita kumzinda wa Bogotá kukagulitsa mafoni m'sitolo ya eni. Zaka zinayi zinatha osabwera, ndipo Eliécer ankamusowa kwambiri.

Ife anthu a mafuta, chitsime chikayamba kulavula madzi timati chafa. Madziwo tinkawatukwana, chonsecho ankatuluka otentha moti tinkaphikira mazira papaipi. Tsiku lina pafoni Yurani anauza bambo ake kuti kutentha kotero kumayendetsa makina a magetsi, ndipo anati makinawo atabwera kwawo, iye sangagonenso ku Bogotá. Mwina ankangocheza, koma mkuluyo anazisunga.

Kenako linabwera lamulo lotseka chitsime chomaliza cha m'dera lawo. Simenti inafika, Eliécer anapinda manja.

"Bwana, munthu sitimuika m'manda thupi likadali lotentha," anatero.

"Iwe Tunjano, tinakulemba ya simenti kapena ya udokotala?" anayankha bwanayo.

Anamuchotsa ntchito. Koma wodziwa kuthira simentiyo anali yekhayo, ndiye chitsime chinayamba chadikira. Eliécer anagulitsa njinga yake yamoto n'kuyamba kuyenda m'maofesi a m'tauni ya Yopal, kupempha kuti ayeze kutentha kwa madziwo. Kwina ankamuseka, kwina ankamuuza kuti abwere mawa, mawa losafika. Ulendo wachisanu ndi chinayi, mayi wina wa kuyunivesite anavomera kukayeza madziwo. Atayeza n'kupeza kuti angayendetsedi makina a magetsi, anaimbira anzake foni ali pomwepo.

Panapitanso zaka ziwiri za mapepala ndi misonkhano makinawo asanaikidwe, Eliécer akukhalira kukama ng'ombe za anthu. Ntchito yoyang'anira magetsi italengezedwa, sanayerekeze kumufunsa Yurani, poopa kumva kuti wazolowera tauni.

Yurani anabwera mosaitanidwa Loweruka masana, atanyamula kamtsikana kamene Eliécer ankangokaona pazithunzi.

"Ababa, ndiyamba ntchito ija Lolemba. Landirani mdzukulu wanu, wandilemera."

Mkulu uja analira pamaso pa anthu, ndipo sanachite nazo manyazi.

Nanunso chimene anzanu akuti chafa, yambani mwachikhudza musanachikwirire. Ngati chikadali chotentha, osataya mtima.