Khoma la mkazi wanga

Mkazi. Mwana amene sitinamuone nkhope. Nyumba ya zipinda ziwiri kwa Mlolo. Ntchito. Zonsezi ndinataya.

Ndinkaphunzitsa mbiri ya zojambulajambula zamakono ku yunivesite, koma mongogwirizira. Tinkakhala m'chipinda chozizira n'kumakangana za azungu akufa kale amene anajambula mizere itatu n'kutchuka. Amene watchula mawu ovuta kwambiri ndiye ankaoneka wanzeru.

Mkazi wanga ankakhala kwao, ine ndinali mkamwini wobwera pa tchuthi. Chaka chilichonse madzi akaphwera ankazira khoma lakumaso n'kulijambula ndi dothi lofiira, phulusa ndi makala. Mizere yokhotakhota, madontho, pena nsomba yopanda mutu. Ndinalijambula pafoni n'kuonetsa pulofesa wanga, ndipo anati ndilembe pepala. Dzina la mkaziyo sanafunse.

Anamwalira pobereka, ine ndili m'tauni. Tisanamete n'komwe, pulofesa uja anafika pagalimoto ndi anzake awiri, botolo la madzi kumanja, akudandaula za kutentha. Chipepeso chake chinali chachifupi. Kenako anaima patsogolo pa khoma, mutu atapendeketsa monga amachitira akakhala kuti pali omuona.

Anamva kuti achibale agwetsa nyumbayo tikameta, monga amachitira mwini wake akapita.

"Aletseni," anatero. "Tilidula bwinobwino, tikaliike kuchionetsero. Ntchito ya mmisiri womwalira imalemera, mukudziwa inunso. Malo anu okhazikika kuyunivesite atuluka pamenepa."

Mmodzi mwa anzake aja anafunsa ngati nsomba yopanda mutuyo inkalosera imfa. Zoona zake, makala anangomuthera mkazi wanga tsiku limene ankaijambula.

Atsibweni a mkazi wanga anandiitanira pambali. "Akamwini, alendo anuwa akufuna kugula chiyani pamaliro?"

"Khoma."

"Nanga kwao kulibe dothi?"

Tsiku logwetsa ndinapempha khasu, ngakhale kuti sinali ntchito yanga. Ndinayambira pansomba paja. Khomalo silinalimbe. Pepala sindinalembe, ndipo chaka chitatha malo aja anapatsa wina wodziwa kupendeketsa mutu.

Ndinalikhudza kawiri kokha khomalo, kachiwiri kanali ka khasu kaja. Koyamba kanali m'mawa umene ndinkapita kukakwera basi. Mkazi wanga anali atagwada movutikira ndi mimba yake, manja ali dothi lokhalokha. Ndinatsamira kuti ndimange nsapato. Sanatembenuke.

"Inu aphunzitsi, chotsani dzanja pamenepo. Silinaume."