Sewero la Zemenay Losowa Mkwatibwi

Mlamu wanga Zemenay ndi munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo ntchito imene ankagwira pasenta yathu ya Ayuda kuno ku Gondar inali yosayenera munthu wotero. Ine ndine Asmaru, mlongo wake wa Tarekegn, mwamuna wa Zemenay. Ndimaphika pasenta pomwepo. Zambiri zimene ndikunenazi ndinkazimva ndili kukhitchini, chifukwa khoma lolekanitsa khitchini ndi holo ndi la malata, ndipo mawu a mlamu wangayo malata sankawatchinga.

Anabadwira ku Dembiya. Mayi ake ankaumba mbiya, bambo ake ankasula makasu. Sukulu anangoilawa, n'kukwatiwa. Pamene mabanja athu anagulitsa ng'ombe n'kubwera m'tauni kudzadikira ulendo wa ku Israeli, tonse tinkati n'za miyezi yochepa. Zemenay anakana ngakhale kugula bedi, ati la chiyani poti tikupita. Anadzaligula patapita zaka, msana utayamba kumuvuta.

Kudikirako kunamutopetsa msanga kuposa ife. Analowa kalasi ya Chiheberi ya akuluakulu chifukwa m'kachipinda ka lendi munalibe chochita, koma mutu wake unagwira. Mphunzitsi wa kalasiyo atanyamuka ndi banja lake, akomiti anasuzumira uku ndi uku n'kupeza kuti wotsala wodziwa zilembo zonse ndi Zemenay. Anamupatsa choko. Kenako anamuwonjezera kwaya ya ana. Kenako phunziro la amayi, la kayatsidwe ka chitofu cha gasi ndi kakweredwe ka basi kumene tikupitako, zinthu zimene mwini wakeyo anangoziona pazithunzi. Pomaliza chilichonse chochitika muholo, kupatula mapemphero, chinali pamutu pake.

M'kalasi ya akuluakulu munali Gashe Ambaw, mkulu woomba nsalu, amene ankabwerera tiyi ndi buledi wa pamapeto. Zimenezi sankabisa.

"Gashe, yambirani kumanja," ankatero Zemenay. "Chiheberi timalemba kuchokera kumanja."

"Mwana wanga, ine ulusi ndimauponya kuchokera mbali zonse ziwiri, nsalu n'kutuluka bwinobwino."

"Pepala si nsalu."

"Ndiye vuto ndi la pepala."

Zemenay ankabwera kukhitchini m'manja muli choko chokhachokha, n'kukhala pa thumba la ufa wa tefu, mbewu imene timadya kwathu kuno. "Mlamu, bambo aja adzandipha. Chilembo chimodzi chomwechi kuyambira nthawi ya mvula."

Koma chimene chinkamudya kwambiri si Gashe Ambaw. Aliyense amene wayamba kuwerenga bwino, kapena mwana amene mawu ake ayamba kukoma m'kwaya, sankachedwa kuitanidwa. Banja linkakwera basi ya ku Addis Ababa, ife n'kuimba, n'kulira, ndipo m'mawa mwake Zemenay ankapeza benchi yakutsogolo ili mbee.

"Ine ndimaphunzitsira ndege," ankatero. "Ndikangomupala munthu mpaka kusalala, ndege yamutenga. Onditsalira ndi a tiyi."

Za sewero zinayamba chifukwa cha mtsikana wina wa m'kwaya amene anafunsa ngati mbiya zimapangidwa kufakitale imodzi ndi mabeseni. Ana onsewo anabadwira m'zipinda za lendi, mudzi sanauonepo, ndipo kumene ankapita n'kumene akanauiwaliratu. Zemenay anaganiza zokonza sewero la ukwati wa kumudzi, loti lidzaonetsedwe masana a tsiku la Sigd, chikondwerero chathu cha chaka ndi chaka, anthu akatsika kuphiri n'kumasula kusala kudya. Munali zonse: kuumba, kusula, kufunsira mbeta, wansembe kumanga chingwe choyera ndi chofiira pamphumi pa mkwati. Munalinso munthu woyandikana naye nyumba wosakhala Myuda, uja ankagula makasu kwa ife koma kapu imene tamwera n'kuiswa, uku akuuza ana ake kuti ife timasanduka afisi.

Chaka choyamba mkwatibwi anali Enanu. Analoweza mawu onse, diresi linasokedwa, ndipo kutatsala pang'ono banja lawo linaitanidwa. Sewero linalephereka. Chaka chachiwiri anasankha Habtam, zinachitika n'zomwezo. Amayi anayamba kubweretsa ana awo aakazi kwa Zemenay, ena atanyamula khofi, kupempha kuti mwana wawo akhale mkwatibwi, poti zaoneka kuti diresilo lili ndi mwayi.

"Mukundiona ngati ofesi ya maulendo?" anawakalipira. "Tengani khofi wanuyo."

Chaka chachitatu anachenjera. Anasankha Yalemwork, mtsikana wamanyazi, wa mawu otsika.

"Bwanji ameneyu?" ndinamufunsa. "Akamalankhula samveka ngakhale pabenchi yachiwiri."

"Mapepala a banja lawo anasokonekera kalekale. Dzina la agogo awo linalembedwa mitundu itatu. Palibe kumene akupita amenewa."

Mkwatibwi anapezeka, koma woti akhale woyandikana naye uja anasowa. Achinyamata onse anakana. Wina anati mayi ake amuthamangitsa panyumba, wina anati akufuna kukwatira chaka chomwecho. Ato Melkamu, wapampando wa komiti, anabwera muholo atavala jekete lake la misonkhano.

"Mayi Zemenay, munthu ameneyu mungomuchotsa. Pa Sigd padzakhala alendo ochokera kunja. Tiwaonetse zosangalatsa. Ndiponso sewero lonse likanakhala m'Chiheberi, aone kuti ndalama zawo zikugwira ntchito."

"Ato Melkamu, mayi anu anakwatiwa m'Chiheberi?"

"Si nkhani imeneyo."

"Nanga kapu yawo sinaswedwepo?"

Ato Melkamu anakonza jekete lake n'kutuluka. Gashe Ambaw, amene anakhala pakona kudikira tiyi, anatsokomola.

"Munthu ameneyo ndimudziwa ine," anatero. "Ndinakhala naye mpanda umodzi mpaka imvi. Ndipatseni."

"Gashe, inu chilembo chimodzi chakukanikani. Mudzaloweza mawu?"

"Oloweza ndi amene sanawamvepo."

Anamupatsa, poti panalibe wina. Kuyambira tsiku limenelo mavuto anasintha mtundu. Gashe Ambaw sankanena zimene Zemenay wamuuza. Tsiku lililonse ankabwera ndi chipongwe chatsopano, ndipo chilichonse chinali choona, chimene wina wa ife anachimvapo ndi makutu ake. Wosewera naye ankangoti kakasi, osadziwa poyankhira.

"Gashe, pamenepa mungoti, chotsani mbuzi yanu m'munda mwanga. Basi."

"Iye uja sankathera pa mbuzi."

"Koma sewero langa likuthera pa mbuzi."

Mwezi wa Sigd utayandikira, Yalemwork anafika muholo akumwetulira, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Wachibale wawo wina kunjako anali atawongola nkhani ya dzina la agogo. Ananyamuka sabata yomweyo. Zemenay anamukumbatira, anamudalitsa monga mwa mwambo, kenako analowa kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Atatu, mlamu. Ngakhale wa mapepala ovunda. Kodi ndinalakwira ndani?"

Ndinamupatsa khofi. Asanamalize kumwa, mlongo wanga Tarekegn analowa akupuma mwabefu, chipewa chili m'manja. Munthu uja sathamanga, ndiye ndinadziwa kuti kwagwa chinthu.

"Zemenay, atiitana. Ife. Iwe, ine ndi ana. Basi ndi Lachiwiri likubwerali."

Ine ndinayamba kulira pomwepo, mwina chifukwa cha chimwemwe, mwina chifukwa dzina langa panalibe. Zemenay anaika kapu pansi.

"Lachiwiri? Sigd isanafike?"

"Sigd tikadyera ku Yerusalemu, mkazi iwe."

"Zaka zonsezi anali kuti? Akanalephera kudikira masabata awiri?"

Tarekegn anandiyang'ana ngati ndimuthandize. "Asmaru, ukumumva mlamu wakoyu? Tinagulitsa ng'ombe chifukwa cha tsiku la lero, iye akudandaula za sewero."

"Sindikudandaula. Ndikufunsa."

Anapita kwa Ato Melkamu kukapempha kuti sewero lionetsedwe Lamulungu. Wapampandoyo anakana. Anati pulogalamu inatumizidwa kale kwa alendo, sewero ndi la pa Sigd, ndipo Sigd sisuntha ngati tsiku la msika.

"Chabwino," anatero Zemenay. "Lamulungu tidzangoyeserera. Kuyeserera n'koletsedwa?"

"Ayi."

"Nanga muholo mukatentha, kutsekula zitseko n'koletsedwa?"

Lamulungu masana holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Palibe amene anaitanidwa, koma aliyense anamva. Mtsikana woti aloweze mawu a mkwatibwi m'masiku ochepawo panalibe, choncho Zemenay anavala yekha diresi, atalimasula msoko m'mbali. Mnyamata amene anali mkwati ataona zimenezi anakaniratu, ati sangakwatire aphunzitsi ake pamaso pa anthu. Zemenay anamugwira Tarekegn, amene anabwera kudzangoonera, n'kumukhazika pampando wa mkwati.

Chiyambi chinayenda bwino, kungoti mkwatibwi sankakhala chete. Pansi pa nsalu yophimba kumutu pankatuluka mawu: "Wosula, menya chitsulocho, usachisisite." "Tarekegn, khala mowongoka." Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenako analowa Gashe Ambaw. Anayenda pang'onopang'ono, mphuno ili m'mwamba, n'kuima patali ndi wosula monga ankaimira anthu aja. Analandira khasu ndi nsonga za zala. Anapempha madzi oti atsukire ndalama yake yobwezeredwa. Kuseka kunayamba kuchepa. Atatembenukira kwa ana n'kunena kuti, "Lowani m'nyumba, afisi ayamba kusonkhana," kuseka kunatheratu. Ndinaona amuna akuluakulu akuyang'ana pansi. Ana, amene sewerolo linakonzedwera iwo, ankayang'ana makolo awo.

Mayi Tiruye, wokalamba wa ku Wegera amene ankayenda ndi ambulera ngati ndodo, anadzuka pabenchi yachitatu. Anayenda mpaka kutsogolo, palibe anamuletsa, ndipo anamukwapula Gashe Ambaw ndi ambulera pamsana.

"Unaswa kapu ya mayi anga, iwe."

"Mayi, ndine Ambaw."

"Ndikukudziwa. Ima pomwepo." Anamukwapulanso.

Anthu anaphulika kuseka, ena akupukuta misozi. Mkwatibwi anavundukula nsalu.

"Mayi Tiruye, khalani pansi, sitinamalize. Patsala gawo lonse."

Koma zinali zitachoka kale m'manja mwake. Woimba ng'oma, poona chisokonezo, anayamba nyimbo ya ukwati nthawi yake isanakwane. Okalamba anadzuka, mapewa akugwedezeka. A ku Wegera anati nyimboyo siyamba choncho, a ku Dembiya anati imayamba choncho kumene, ndipo mbali iliyonse inaimba yake mokweza kuti igonjetse inzake. Wina anamanga chingwe pamphumi pa Tarekegn mozondoka. Ato Melkamu, amene anati sabwera, ndinamuona pakati pa gulu jekete lili paphewa. Gawo lomaliza, limene Zemenay analivutikira koposa, la mkwatibwi kutsanzikana ndi mayi ake, silinaonetsedwe.

Ndinamupeza kukhitchini atakhala pa thumba lija, diresi likadali m'thupi.

"Zaka zitatu," anatero. "Ndipo palibe amene wamva mawu a pamapeto."

"Koma anthu akondwa, mlamu."

"Anthu amakondwa ndi ng'oma iliyonse. Ndithandize kuvula chinthuchi, chikundifinya."

Lachiwiri anakwera basi. Ali pawindo ankandiuzabe kumene anasunga choko, ndi mwana amene asamaikidwe kutsogolo m'kwaya chifukwa amathamangira nyimbo. Basi itayamba kuyenda m'pamene ndinaona kuti nkhope yake yanyowa. Pa Sigd alendo anaonera kwaya yokha. Gashe Ambaw anamwalira chaka chotsatira, akudikirabe, ndipo Mayi Tiruye ndi amene analira kwambiri pamaliro pake.

Zemenay tsopano amakhala ku Beersheba, m'nyumba yosanja, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Atangofika anamuika m'kalasi ya oyamba kumene, mphunzitsi n'kumuuza kuti Chiheberi chake n'chabwino koma chimamveka ngati akupemphera. Sanamukhululukire mpaka lero. Ine ndikadali kuno, ndikuphikabe. Amandiimbira foni Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndipo moni amamupereka mwachidule kuti apeze nthawi yodandaula.

Sabata yatha anandiuza kuti wakhala akulimbana ndi woyang'anira senta ya m'dera lawo mpaka wamupatsa kachipinda kamodzi pa sabata, koti aziphunzitsiramo ana Chiamhara, chinenero chathu chimene timalemba kuchokera kumanzere. Adzukulu a anthu athu kumeneko sathanso kulankhula ndi agogo awo.

"Ndiye abwera angati?" ndinafunsa.

"Awiri. Wina ndi mdzukulu wanga, ndinachita kumukoka. Winayo analowa molakwitsa, ankafuna kalasi ya mpira."

"Unamulola kupita?"

"Apite kuti? Ndinatseka chitseko. Koma mlamu, ana a kuno ndi ovuta. Ndikamuuza kuti yambira kumanzere, amandifunsa kuti chifukwa chiyani."